Mabisiketi a Maapozi ndi Mbaula ya M'nyumba

Maapozi abwino amafika mu Blantyre nthawi ya masika. Kuyambira mu Febuluwale mpaka mu Meyi alimi a ku Ceres ndi ku Elgin, m'chigawo cha Western Cape ku South Africa, amakhala ali pakalikiliki kuthyola, ndipo ena mwa maapoziwo amakwezedwa m'mathiraki odutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kudzalowa pa Mwanza. Posakhalitsa amapezeka ali mbwee m'masitolo a ku Chichiri, m'mabeseni a amayi pamsika wa Limbe, ndi m'manja mwa anyamata oyenda nawo pakati pa magalimoto mumsewu wa Haile Selassie. Ana amalirira ofiira aja chifukwa ndi otsekemera. Wophika amasankha obiriwira, a Granny Smith, poti saphwanyika msanga pamoto, ndipo kuwawasa kwawo kumathandiza kuti shuga asalamulire yekha m'kamwa.

Achemwali anga, mwana wa amayi aakulu, anaphunzira kuphika mabisiketi a maapozi panyumba ina ku Namiwawa, kumene ankagwira ntchito ya m'khitchini. Eni nyumbawo anali ochokera kunja, ndipo ankawafuna mu Okutobala, chifukwa kwawoko ndiyo nyengo imene maapozi amapsa, masamba n'kumayoyoka, chisanu n'kumayamba. Kuno Okutobala ndi mwezi umene munthu amagona chofunda atachikankhira kumiyendo. Achemwali ankaphika thukuta lili kamukamu, mumtima akuti chakudya ichi mwini wake ndi Juni, pamene chiperoni chaphimba Soche ndi Mpingwe, munthu n'kumafuna kapu ya tiyi yoti aifumbate ndi manja onse awiri. Atasiya ntchitoyo n'kukhazikika ku Bangwe, anagula kasitovu kamagetsi kogwirapo kale ntchito, kokhala ndi uvuni, n'kuyamba kuphika m'nyengo yozizira. Anayamba ndi ana awo, kenako aneba, kenako amayi a kumpingo.

Luso lawo ndinkalionerera ndekha. Makapu awiri a fulawa, theka la kapu ya majarini, shuga wabulauni wosakwana kapu, dzira limodzi, ndi soda theka la sipuni yaing'ono. Zonunkhiritsa ankakagula kwa Amwenye ku Limbe, zomangidwa m'timapepala ta pulasitiki: sinamoni, amene ndi khungwa la mtengo lopera, jinja, nutmeg ya ku Indonesia, ndi ma clove onga amene amalimidwa ku Zanzibar ndi ku Pemba. Sinamoni ankathira sipuni yodzaza, koma nutmeg ndi ma clove ankangotsina ndi zala, chifukwa zikachuluka bisiketi imawawa. Chinsinsi chenicheni chinali pa apozi. Ankalisenda, kulipala pa chopalira, n'kulifinya m'kansalu koyera mpaka madzi onse atatuluka. Ankati apozi losafinya limanyowetsa bisiketi, ndipo pakapita masiku atatu umaipeza yachita nkhungu m'chitini. Mu uvuni wotentha madigiri 180, mphindi 12 kapena 15 zinkakwana, ndipo fungo lake linkafika mpaka kumpopi wa madzi.

Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anakokolola mbali ya damu la pa Kapichira, pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Malowo sanayambenso kupanga magetsi mpaka mu 2023. Aliyense amene anali mu Blantyre chaka chimenecho akukumbukira momwe tinkakhalira: magetsi kuzima m'mawa, kubwera anthu atagona, kapena kuthawa mphika uli pamoto. Uvuni wa achemwali unasanduka kabati yosungiramo mapoto. Koma mayi wa Chimalawi sasowa pophikira. Njira yake ndi yomwe ija ya chigumu ndi masikono akumudzi: mchenga wouma pansi pa sefuliya yaikulu, thireyi pamwamba pa mchengawo, chivundikiro cha lata, makala pansi ndi pamwamba. Anayesa pakhonde masana, mabisiketi n'kupsa bwino, mwina kuposa a magetsi.

Mu Juni chaka chomwecho anapeza oda yaikulu. Amayi ena a ku Kanjedza ankakonza phwando la mwana wawo wamkazi amene ankakonzekera ukwati, ndipo ankafuna mabisiketi odzaza mabeseni awiri pofika Loweruka m'mawa. Anaperekeratu theka la ndalama. Achemwali anatsika ku Limbe, kukagula fulawa, majarini ndi maapozi, pobwerera n'kugula thumba la makala kwa bambo wina wa njinga.

Lachitatu madzulo anati ayeseko pang'ono kuti aone ngati makala atsopanowo ali ndi moto wabwino. Kunja kunali kamphepo, choncho mbaula anaiika m'kakhitchini kawo, kamene ndi ngodya chabe ya chipinda chochezera, chitseko atachisiya chotsegula pang'ono. Banja lonse linalawa mabisiketi otentha asanagone. M'mawa mwake aliyense anadzuka mutu ukuphwanya. Mwana wawo wamkulu, mtsikana wa Sitandade 4, anasanza kawiri. Wamng'ono, wa zaka ziwiri, ankangolira osafuna phala. Apongozi awo, amene anabwera kuchokera ku Thyolo kudzaona zidzukulu, ankati nyumba ikuzungulira.

"Amake mwana, zonunkhiritsa zanuzi zatipweteka," anatero alamu akumanga nsapato. "Kapena maapoziwo anawathira mankhwala. Zinthu zoyenda ulendo wautali chonchi ndani akudziwa?"

"Abambo, zomwezi ndakhala ndikuphika zaka zonsezi. Mwina ndi malungo."

Anatenga ana ndi apongozi kupita kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Poyenda pansi, n'kukakhala pabenchi panja kudikira, onse anayamba kupeza bwino. Magazi atayezedwa malungo sanapezeke. Analandira mankhwala a mutu n'kubwerera, mtsikana uja akuthamanga kutsogolo. Za mbaula palibe amene anazitchula, chifukwa palibe amene ankaiganizira. Achemwali anataya paketi ya nutmeg, n'kunena kuti mwina inali yakale.

Ndimaima pamenepa nthawi zonse ndikamafotokoza nkhaniyi, chifukwa chenjezo lonse linali Lachinayi m'mawa muja. Malungo sagwira nyumba yonse usiku umodzi, kuyambira khanda mpaka agogo. Malungo sachoka chifukwa munthu wayenda panja. Matenda ogwira anthu onse ogona denga limodzi nthawi imodzi, popanda kutentha thupi, n'kumachepa akatuluka, n'kubwereranso akalowa, ndi matenda a mpweya wa m'nyumbamo. Koma ife maganizo athu amathamangira pa zimene zalowa m'kamwa. Tikadwala tonse timafunsa kuti tinadya chiyani. Sitifunsa kuti tinapuma chiyani.

Lachisanu chiperoni chinatsika ndithu. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ija, yochokera mbali ya Mozambique, inabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza yosaleka, ndipo ku Bangwe, kumene kuli pamtunda, kuzizira kwake kumalowa m'mafupa. Magetsi anazima dzuwa lisanalowe. Khonde linali litanyowa lonse. Achemwali anabwereka mbaula yachiwiri kwa aneba kuti ntchito ifulumire.

Sanachite mosasamala ayi, ndipo ichi ndicho chimandipweteka. Anachita zonse zimene amayi athu anatiphunzitsa. Mbaula zonse ziwiri anakolezera panja, pansi pa denga la khonde, n'kupemerera mpaka utsi wonse utatha, makala ali psuu. Atatero ndi pamene anazilowetsa. "Ayaka tsopano, alibenso utsi," anauza apongozi. Anatseka chitseko chifukwa mphepo ikanaziziritsa sefuliya, mabisiketi n'kupsa mbali imodzi. Pansi pa chitseko anatsekapo ndi chiguduli. Mawindo anali otseka kale. Timabowo tolowera mpweya tija, tapamwamba pa khoma, anali atatitseka ndi manyuzipepala chaka chathacho pofuna kuletsa udzudzu ndi chisanu, ndipo palibe anakumbuka kutitsegula.

Ana anagona msanga kuchipinda, kumene chitseko chake ndi katani chabe. Apongozi anakana kukagona.

"Ndikhala pano, mwananga, ndikuthandize kuumba. Komanso moto uwu ukundikomera. Msana wanga wakhala ukufuna zotere."

Anayala mphasa pafupi ndi mbaula, n'kumaumba timibulu, kumatiphwatalalitsa ndi foloko. Thireyi ikatuluka ina inkalowa. Moto ukachepa, achemwali ankawonjezera makala akuda pamwamba pa ofiira, momwemo m'nyumba, chifukwa kutulukanso ndi mbaula yotentha mumvula kunali kosatheka. Beseni loyamba linadzadza. Nyumba inafunda, n'kumanunkhira sinamoni.

Zimene zinachitika pambuyo pake achemwali anandiuza atachira, ndipo amazikumbuka mwa apo ndi apo. Mutu unayamba kugunda m'mbali, iwo n'kumati ndi kutopa, poti anali chiimire kuyambira m'mawa. Kenako anaona kuti manja akulemera, ndipo anaiwala ngati m'mbale yachitatu anathiramo soda kapena ayi. Anacheuka kuti afunse apongozi, n'kuwapeza atagona chammbali pamphasa, foloko ili m'manja. Anaganiza kuti tulo tawapeza. Anati nawonso akhale pansi kamphindi, atsamire khoma, thireyi ikapsa adzuke. Akuti mantha analibe m'pang'ono pomwe. Ankangomva tulo tokoma.

Alamu amayendetsa minibasi ya pakati pa Limbe ndi Bangwe, ndipo usiku umenewo anachedwa chifukwa anakasiya galimoto kwa mwini wake. Atafika pakhonde anamva fungo la zopserera. Mkazi wawo sapsereza chakudya. Anagogoda. Zii.

"Amake mwana! Tsegulani! Amayi!"

Achemwali akuti kugogodako ankakumva, koma ngati kukuchokera kutali kwambiri, ndipo ankafunitsitsa kuyankha koma miyendo ndi pakamwa zinakana. Alamu anaponda chitseko mpaka loko anathyoka.

Pamene aneba ankafika ndi matochi a m'mafoni, mawu anali ambirimbiri. Wina anakuwa kuti abweretse mkaka. Wina anaona mabisiketi n'kunena kuti muli tameki. Mayi wina ananong'ona kuti bizinesi ikayamba kuyenda, ansanje sagona. Amene anapulumutsa banjali ndi bambo wina wachikulire wa nyumba yoyandikana, amene wagwira ntchito ya ulonda kwa zaka zambiri ndipo anatayapo mnzake m'kanyumba ka pageti usiku wina wa mu Julayi. Atangoona mbaula ziwiri zija anadziwa.

"Atulutseni onse panja! Ana ali kuti? Tsegulani mawindo! Mkakawo ayi, munthu wokomoka samwetsedwa kanthu, mumutsamwitsa. Agonekeni chammbali. Achimwene, inunso musakhalitse m'katimo."

Anawagoneka pakhonde lonyowa lija atawafunditsa mabulangete. Mtsikana wamkulu anatsitsimuka n'kuyamba kusanza. Wamng'ono anali lobodo, koma akupuma. Achemwali anatsegula maso osazindikira anthu. Apongozi sanagwedezeke. Ena ankati popeza ayamba kutsitsimuka angodikira kuche, koma bambo uja anakana, ndipo alandilodi anatulutsa galimoto yawo n'kuthamangira nawo ku Gulupu, ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Kumeneko funso loyamba la dokotala, atamva kuti anayi onse apezeka m'nyumba imodzi, linali lakuti, "M'nyumbamo munali moto?" Onse anawaika pa okosijeni.

Chimene chinawagwetsa dzina lake ndi carbon monoxide. Makala akamayaka pamalo pamene mpweya ukuchepa, satha kupsa mokwanira, ndipo amatulutsa mpweya umenewu. Ulibe mtundu, ulibe fungo, sutsokomoletsa, sulowa m'maso. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo pa makala mawuwa ndi oona mpaka pa lilime. Munthu akaupuma umalowa m'magazi n'kukakamira pa haemoglobin, chinthu chofiira chimene chimanyamula okosijeni kupita naye ku ubongo, kumtima ndi thupi lonse. Mphamvu imene carbon monoxide amagwirira pamenepo imaposa ya okosijeni maulendo opitirira 200. Choncho mapapo amapuma bwinobwino, chifuwa chikukwera ndi kutsika, koma magazi akuyenda opanda katundu wake. Ubongo ndiwo umayamba kuvutika, n'chifukwa chake munthu amasokonezeka maganizo ndi kufooka miyendo asanaganize zothawa. Wogona sadzuka n'komwe. Ana aang'ono amagwidwa msanga poti amapuma mofulumira. Okalamba ndi odwala mtima amapwetekeka kwambiri. Mayi woyembekezera akhoza kumva mutu chabe pamene mwana m'mimba wavulala koposa.

Chikhulupiriro chakuti makala ofiira alibe vuto ndicho chatha anthu. Utsi wa poyamba uja, wotsokomoletsa, ndi umene umatithamangitsa n'kutsegula chitseko. Ukatha, carbon monoxide amapitirira kutuluka mpaka khala lomaliza litasanduka phulusa. Ndipo kaphikidwe ka mchenga kamawonjezera vutoli. Sefuliya yaikulu imakhala pakamwa pa mbaula n'kutsekereza mpweya. Makala a pachivundikiro amakwiririka ndi phulusa lawo n'kumanyeka pang'onopang'ono. Makala akuda owonjezera pamwamba pa ofiira amayamba kuyaka mopanikizika. Kuphika nsima kumatenga mphindi zowerengeka moto n'kutuluka, koma mabisiketi a mabeseni awiri amafuna moto wa maola ambiri. Achemwali anali ndi moto pamalo anayi m'chipinda chimodzi chotseka, kuyambira madzulo mpaka usiku.

Ndamvapo ena akunena kuti ukaika beseni la madzi pafupi ndi mbaula, kapena ukawaza mchere pa makala, poizoniyo amatha. Si zoona. Madzi sayamwa mpweyawu mokwanira kuti apulumutse munthu, ndipo mchere suletsa makala kuutulutsa. Ena amati wogona pabedi ndi wotetezeka kuposa wogona pansi, ena amati ayi, wapansi ndiye ali bwino. Onse akulakwa, chifukwa kulemera kwa carbon monoxide n'kofanana pafupifupi ndi kwa mpweya wamba, ndipo amafalikira chipinda chonse, n'kudutsa katani ngati palibe kanthu. Mbaula zamakono zosunga makala zimathandiza thumba, koma nazonso si za m'nyumba yotseka. Mkaka suchotsa mpweyawu m'magazi. Chimene chimauchotsa ndi kupuma. Munthu akamapuma mpweya wamba, pamatenga maola anayi kapena asanu kuti theka la poizoniyo lituluke. Akamapatsidwa okosijeni wokhawokha kuchipatala, nthawiyo imatsika kufika pa ola limodzi ndi theka kapena kuchepera. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumapulumutsa ubongo, ndipo n'chifukwa chake wotsitsimuka pakhonde ayenerabe kupita kuchipatala usiku womwewo.

Ana anatuluka msanga m'chipatala, achemwali pambuyo pawo. Apongozi anakhalitsa, koma nawonso anatuluka akuyenda okha, ndipo tonse tinathokoza Mulungu kuti zatha. Patapita masabata ngati atatu tinaona zachilendo. Mayi amene ankadziwa mayina a zidzukulu zonse ndi masiku awo obadwa anayamba kufunsa funso limodzi kangapo pa tsiku. Ankaika mphika pamoto n'kuuiwala. Kayendedwe kanasintha, mapazi n'kumakwakwaza pansi. Tsiku lina anatuluka kuti akagule tomato n'kusochera, mpaka mnyamata wa kabaza amene ankawadziwa anawabweretsa. Madokotala anafotokoza kuti zimachitika: ubongo umene unasowa okosijeni umatha kuonetsa bala lake patapita masiku kapena masabata, munthu ataoneka kale ngati wachira. Ena amabwerera mwakale pakapita miyezi, ena sabwerera. Apongozi a achemwali anabwerera pang'ono. Sanathenso kukhala okha ku Thyolo, ndipo munda wawo wa nthochi akulima ndi ena.

Oda ya ku Kanjedza inapita padera, ndalama n'kubwezedwa pang'onopang'ono. Choipa china chinali mphekesera. Mawu aja a tameki, onenedwa mumdima ndi munthu wamantha, anayenda mofulumira kuposa mawu a dokotala. Kwa miyezi ingapo amayi a m'deralo ankakaniza ana awo kulandira chilichonse chochokera m'khitchini ya achemwali. Beseni la mabisiketi abwinobwino lija alamu analikwirira kudzala pamaso pa anthu kuti mitima ikhale pansi. Ku Thyolo achibale ena mpaka lero amakhulupirira kuti mpongozi anawachita chipongwe amayi awo. Ndipo pamene anthu ankaloza chala mabisiketi, m'nyumba zoyandikana mbaula zinkalowabe madzulo aliwonse mpaka Ogasiti.

Sindingaime patali n'kumanena kuti anthu olowetsa mbaula m'nyumba ndi osaganiza. Zifukwa zawo ndikuzidziwa. Nyumba zambiri za lendi ku Bangwe, ku Ndirande, ku Chilobwe ndi ku Mbayani zilibe khitchini yapadera. Khonde limakhala la mabanja atatu. Ukasiya sefuliya panja usiku, mawa suipeza. Makala akwera mtengo, ndipo mayi akaona moto wotsala atatha kuphika, mtima umamupweteka kuuzima pamene ana akunjenjemera m'bulangete limodzi. Mlonda wa pageti ku Nyambadwe kapena ku Sunnyside amakhala usiku wonse m'kachipinda ka simenti, ndipo kambaula ndiye mnzake yekha. Zonsezi n'zoona. Komabe chaka ndi chaka, Juni ndi Julayi akafika, wailesi imalengeza uthenga wa apolisi wonena za anthu opezeka atafa m'nyumba yotseka, mbaula ili pambali. Timati pepani, n'kunena kuti inali nthawi yawo. Ine sindivomereza. Imfa imene ikanalephereka ndi windo lotsegula sitiyenera kuikankhira kwa Mulungu.

Ndimadandaulanso ndi mabwana amene amamangira mlonda kanyumba kopanda bowo ngakhale limodzi, osamugulira jekete kapena bulangete, n'kumadabwa akamva kuti wakoleza moto. Chimodzimodzi alandilodi amene amaona timabowo ta mpweya titatsekedwa ndi nsanza osanena kanthu. Omanga nyumba sanatiike pokongoletsa.

Achemwali anayambiranso kuphika chaka chotsatira, ndipo makasitomala anabwerera m'modzim'modzi. Kapichira itakonzedwa uvuni wa magetsi unayambanso kugwira ntchito, koma magetsi amazimabe nthawi zina, choncho mbaula sinachoke pakhomo. Chimene chinasintha ndi malo ake ndi nthawi yake. Alamu anakhoma malata awiri akale kumbali ya khonde imene mphepo imachokera, mbali zina n'kusiya pululu. Pamenepo ndi pophikira, kutali ndi windo la kuchipinda, chifukwa mpweya wa makala umatha kulowera pawindo n'kukadzadza mkati. Amaphika masana. Wofuna mabisiketi a Loweruka amauzidwa kuti anene pofika Lachitatu, ndipo oda yobwera madzulo yofuna m'mawa amaikana ngakhale ndalama yake ikhale yokoma. Mtanda amaukanda m'nyumba, amaumba m'nyumba, thireyi yokha ndiyo imatuluka. Chiperoni chikakula kwambiri moti khonde silikhalika, tsiku limenelo saphika.

Moto wotsala amauthira m'chitini chachitsulo n'kuvundikira kuti uzime, panja pomwepo, ndipo makalawo amawagwiritsanso ntchito mawa lake, moti palibe chotayika. Pofunditsa ana amatenthetsa madzi, kuthira m'botolo lolimba lotseka bwino, kulikulunga m'chitenje n'kuliika kumiyendo. Manyuzipepala aja anawachotsa m'timabowo n'kukhomamo sefa ya udzudzu. Kwa amene angakwanitse, kuli timakina ta mabatire timene timalira mpweyawu ukachuluka m'chipinda, ndipo ndi tothandiza makamaka kwa ophikira gasi m'khitchini yopanikizika ndi amene amaliza jenereta m'galaja kapena pafupi ndi windo, chifukwa utsi wa jenereta uli ndi poizoni yemweyo wochuluka zedi.

Mu Julayi wapitayu mtsikana wina wa kumpingo anabwera kudzaphunzira kuphika mabisiketi amenewa, kope ndi cholembera zili m'manja. Achemwali anamuonetsa kufinya apozi, kutsina nutmeg, kuyeza kutentha kwa mchenga poika dzanja pamwamba pake. Kunja kunkawaza, ndipo mtsikanayo anafunsa ngati sangangolowetsa mbaula, poti makala anali atayaka kale.

"Iwe, pita m'nyumbamo ukawapatse moni agogo," anatero achemwali. "Uwauze dzina lako. Ukabwerako tithira thireyi yachiwiri, kenako upitenso ukawafunse kuti ndiwe ndani."